Mlendo Ndi Mame, Koma Mame Ake Ati?

Makolo athu, amene anakulira m'zigwa zofunda momwe udzu umauma dzuwa likangosuzumira, anatisiyira mawu akuti mlendo ndi mame. Ndipo ife ana awo tinawasunga osawakayika, kufikira nyengo yachisanu ino, pamene anyamata ndi asungwana a m'mizinda ayamba mwambo wokwera mapiri a Nyika m'miyezi ya Juni ndi Julayi, kukagula ndi ndalama zawo kuzizira kumene anthu anzeru amakuthawa kwaulere. Pakuti kumtunda kuja, pa Chelinda, mame sakamuka msanga ayi: amaundana usiku, nayera mbee pa udzu, nakhala pomwepo kufikira dzuwa litachita kuwadandaulira.

Mmodzi wa oyenda ulendo woterewu ndi mphwanga, kalaliki wa ku Lilongwe, munthu amene ulendo wake waukulu tsiku ndi tsiku ndi wochoka pa mpando kukafika pa galimoto. Iyeyu, atadutsa pa boma la Rumphi, nalowa pa chipata cha Thazima, nagwedezeka mafupa onse mumsewu wafumbi wokwera ku Chelinda, analengeza pamaso pa anzake kuti adzatsata njira ya masiku atatu yotsikira ku Livingstonia, kugona m'tenti, ndi kudzuka tambala woyamba asanalire, ngakhale kuti kuchipululu kuja tambala kulibe, kuli mbidzi, chilembwe, ntchefu ndi afisi. Usiku woyamba anavala mabuluku awiri ndi majuzi onse, naveka manja ake masokosi. Ndipo foni yake, imene anaitenga kuti a pa Facebook aone ulemerero wake pamwamba pa dziko, inazizidwa nifa mwini wake asanajambule kanthu. Kutacha, msilikali wa zanyama amene amawatsogolera anaima pa khomo la tenti, nati mwaulemu, "Adada, tiyi wapsa, ndipo njira ikali yaitali." Koma m'katimo munangomveka mano kugunda. Taonani, mlendo anakhaladi mame, koma mame a ku Nyika, ouma gwa pamalo pomwe anagwera, osasuntha kufikira dzuwa litafika pamutu!

Nditamva nkhaniyi ndinayamba kuwerenga alendo ena a m'mapiri amenewa, ndipo ndinapeza kuti amene anakamuka ndi owerengeka. Mitengo ya paini imene yazinga Chelinda si ya kuno. Anaibzala atsamunda m'zaka za m'ma 1950, poyesa ngati ingabale chuma cha mapepala, ndipo ngakhale maganizowo anafera m'njira chifukwa cha kutalika kwa malo, mitengoyo sinatsanzike, koma inabereka ana ndi zidzukulu amene mpaka lero amatulukira m'udzu osaitanidwa. Nsomba za trout za m'madamu a pomwepo nazonso zinabwera ndi azungu okonda mbedza, ndipo sizinafunsepo njira yobwerera kwawo. Nanga Dotolo Robert Laws, amene anakwera ku Khondowe, kumene kuli Livingstonia, mu 1894 pothawa malungo a ku Bandawe, kodi sanakhale kumeneko kufikira 1927? Ngati amenewo ndi mame, ndiye kuti dzuwa la kumpoto ndi laulesi ndithu.

Koma pano kuseka kwanga kumachepa. Pa tsiku lachiwiri, mphwanga atatsitsimuka, nayamba kutama dziko lopanda nyumba kapena utsi, limene iye anati Mulungu analisiya monga analilengera, bambo amene anamusenzera chikwama analoza ndi mlomo kaphiri kena, nati pansi pake panali mudzi wa agogo ake, ndipo manda awo ali pomwepo. Indetu, paki ya Nyika imene inakhazikitsidwa mu 1965 anaikuza mu 1978, kufikira inaposa masikweya kilomita 3,000, ndipo midzi ya Aphoka ndi anzawo inasamutsidwa kuti nyama zipeze malo. Eni nthaka, amene makolo awo ankasungunula chitsulo m'ng'anjo za m'mapiri omwewo, ndiwo anakamuka m'mawa umodzi. Paini, trout ndi kalaliki wovala masokosi m'manja ndiwo anatsala. Sindikunena kuti mbidzi zilibe mwini, kapena kuti mitsinje yochokera m'mapiriwa, monga Rukuru wa kumpoto, ikadayenda bwino popanda chitetezo. Ndingoti munthu asatche malo chipululu asanafunse amene wamusenzera katundu.

Chifukwa chake, inu a m'tauni amene mwamva kuti pa nsonga ya Nganda, mamita oposa 2,600 kuchokera pa nyanja yamchere, munthu amaona kutali, pitani ndithu, pakuti dziko ndi lanu ndipo ndi lokongola koposa. Koma tengani bulangete lenileni, phunzirani kunena "monire," ndipo pa Khondowe, polipira wonyamula katundu, musatsitse mtengo ngati mukugula tomato. Mphwanga, amene anafika kumeneko akutsimphina ndi kulumbira kuti sadzapondanso, wayamba kale kusonkhetsa ndalama anzake onse a mu ofesi za ulendo wa chaka chamawa, ndipo wadzisankha yekha kukhala wowatsogolera.