Mabotolo a ku Kachulu

Amene anandilemba ganyu yotunga madzi a m'nyanja oti akayezedwe ku labotale anatsindika chinthu chimodzi: madzi a mvula yoyamba asatiphonye. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndiye zimene mitsinje ya Likangala, Domasi ndi Phalombe yakokolola, kaya ndi feteleza wa m'minda kaya zonyansa za mumzinda wa Zomba, zimakhazikika momwemo. Phosphate akachuluka ndere zimaswana, ndipo zikafa n'kuyamba kuola zimatha mpweya umene matemba ndi makumba amapuma.

Usiku woti mawa tinyamuka, ndinaona mabotolo otungira madzi ali mbuu ndi fumbi. Ndinawatsuka ndi sopo waufa wochapira zovala, n'kuwatsukuluza mpaka anawala. Ndinagona mtima uli m'malo.

Tinakwera bwato pa Kachulu kusanache, kulunjika pamene Likangala amathira m'nyanja, kenako kufupi ndi chilumba cha Chisi. Tinadutsa zimbowera, asodzi akutunga madzi omwewo kuti aphikire nsima. Botolo lililonse ndinalilemba malo ndi nthawi, n'kuliika mu ayezi monga anandiphunzitsira.

Zotsatira zitatuluka, phosphate anali wokwera moopsa. Wina anayamba kale kutchula alimi a mpunga a kumunsi kwa Likangala, ndipo ine ndinavomereza ndi mutu. Izi ndi zimene zimandiwawa mpaka lero, chifukwa anthu amenewo akanasenza mlandu wosaudziwa. Koma mayi woyang'anira labotale anakayikira: zitheka bwanji kuti pakati pa nyanja ndi pakamwa pa mtsinje pafanane chonchi? Anathira madzi oyera a mu labotale m'botolo limene linabwerako losagwiritsidwa ntchito, n'kuyeza. Namonso munapezeka phosphate.

"Achimwene, mabotolowa munatsukira chiyani?"

Ndinawauza zonse. Sanakalipe. Anandifotokozera kuti sopo wina waufa amakhala ndi phosphate amene amakanirira m'botolo, n'chifukwa chake mabotolo otere amatsukidwa ndi asidi wosungunulidwa, kenako madzi oyera, ndipo asanatunge amatsukuluzidwanso ndi madzi a pamalopo.

Tinabwererako ndi mabotolo ena, koma nyanja yosaya ngati imeneyi mphepo imaivundula msanga, madzi aja anali atasakanikirana kale. Chilwa inauma mu 1968 ndi 1995, ndipo mu 2018 inaphwanso kwambiri; amene amaitsata amadalira manambala olondolozana nyengo ndi nyengo. Pamndandanda wa manambalawo, pamzere wa mwezi umenewo analemba kuti madzi anaipitsidwa potunga, ine n'kusainira.