Mnzathu anagwira tizilombo n'kulemera, ife tinkakazinga

Ine ndi Satoshi Tajiri tinayamba moyo mofanana. Iyeyo ali mwana ku Machida, kunja kwa mzinda wa Tokyo, ankakhalira kuzungulira m'tchire kusaka tizilombo. Inenso kumudzi kwathu ntchito inali yomweyo: ziwala nthawi yokolola, ngumbi mvula ikangogwa, nkhululu tikaupeza una wake. Tinasiyana pa zochita nako kachilombo kakagwidwa. Mnzangayo ankakayang'anitsitsa n'kumalingalira. Ine ndinkakathothola mapiko n'kufunsa komwe kuli mchere. Lero iye amadziwika dziko lonse kuti ndiye anayambitsa Pokémon, pomwe ine ndimadziwika pagolosale ya m'dera lathu chifukwa dzina langa silichoka m'kope la ngongole.

Zonsezi ndazimva kwa mphwanga, mwana wa mlongo wanga, yemwe tikukhala naye kuti aziphunzira kuno kutauni. Zoti akuphunziradi tidzaonera mayeso, koma pa nkhani ya Pokémon mnyamatayu ndi pulofesa. Akuti chinthuchi chinayamba ngati gemu wamba ya pa Game Boy, kamakina ka m'manja ka Nintendo. Inatuluka ku Japan pa 27 February 1996, ndipo anaipanga ndi a kampani ya Game Freak. Ndi gemu ya mtundu uja woti iwe wosewera umasanduka munthu wa m'nkhanimo. Umakhala kamwana, umatsanzika mayi ako, n'kuuyamba ulendo wa tauni ndi tauni, kugwira tinyama, kutiphunzitsa ndewu ndi kutimenyanitsa ndi ta anzako. Tikamapambana timawonjezera mphamvu, tina mpaka kusinthiratu maonekedwe. Ndinamufunsa ngati pamapeto pake tinyamato timadyedwa. Anandiyang'ana, n'kupukusa mutu, n'kukadandaula kwa azakhali ake kukhitchini.

Tinyamato tinalipo 151. Koma taonani kuchenjera kwake. Gemu imodzi yomweyo anaitulutsa pawiri, ina yofiira ina yobiriwira, ndipo iliyonse anaimana tinyama tingapo tomwe tinali mu inzakeyo. Wofuna kudzaza kaundula wake ankayenera kupeza mnzake wa mtundu winawo, n'kulumikiza makina awo ndi chingwe kuti asinthane. Mwana wopanda anzake koma wa bambo a mtima wofewa ankaguliridwa zonse ziwiri, pamodzi ndi makina achiwiri. Anthu oti tsiku loyamba lenilenilo anagulitsa chinthu chimodzi kawiri, inu mukuganiza kuti akanalekera pomwepo?

Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mu October chaka chomwecho kunatuluka makhadi osewerera a Pokémon. Mu April 1997 katuni inayamba kuonetsedwa pa TV Tokyo. Mu July 1998 filimu yoyamba inalowa m'masinema a ku Japan, ndipo chaka chomwecho kampani ya ndege ya ANA inajambula tinyamati pa ndege zake. Kuyambira pamenepo kwatuluka mabuku a zithunzi, zidole, nsapato, maambulera, ngakhale zivundikiro za ngalande za m'misewu ya ku Japan. Mu 2019 ku Hollywood anatulutsa Detective Pikachu, momwe kambewa kachikasu kotchedwa Pikachu kamavala chipewa cha wapolisi wofufuza milandu n'kumalankhula ndi mawu a Ryan Reynolds, bambo wamkulu wa ndevu zake. Zonsezi zimayendetsedwa ndi The Pokémon Company, yomwe eni ake ndi Nintendo, Game Freak ndi Creatures.

Chomwe chimandisowetsa mtendere n'chakuti chilichonse mwa zinthuzi chimatsatsa chinzake. Gemu yatsopano ikatuluka imabwera ndi tinyama tatsopano. Katuni imationetsa kwa ana mpaka aloweze mayina. Akaloweza afuna makhadi, akapeza makhadi afuna chidole, chidole chikafika m'nyumba gemu ina yatuluka kale. Tinyama tija tinali 151, lero tapitirira 1,000. Makampani ena amalipira kuti malonda awo aoneke pa TV. Awa amapanga kholo kulipira kuti mwana wake aonere malonda.

Katuni ija inayamba ndi tsoka lake. Pa 16 December 1997 anaonetsa gawo lina momwe munali kuthwanima kwa magetsi ofiira ndi abuluu mothamanga kwambiri, ndipo ana opitirira 600 anatengeredwa kuchipatala, ena akukomoka, ena akusanza. Pulogalamuyo inaimitsidwa miyezi inayi. Woyambitsa kuthwanimako m'nkhanimo anali Pikachu, yemwe anaponya mphenzi yake. Koma mutu wa gawolo unali ndi dzina la kanyama kena kotchedwa Porygon, ndipo kuyambira tsiku limenelo Porygon sanapatsidwenso gawo lakelake m'katuniyo. Pikachu anapitirira kukwera ndege. Aliyense amene anagwirapo ntchito mu ofesi momwe muli mwana wokondedwa wa bwana amudziwa Porygon. Ine ndikamuona ndimafuna kumugulira tiyi.

Ndiye pali mnyamata wa m'katuniyo, Ash Ketchum, yemwe ku Japan amatchedwa Satoshi potengera mnzanga wa tizilombo uja. Anachoka pakhomo pa mayi ake mu 1997 ali ndi zaka 10, akufuna kukhala katswiri woposa onse. Ukatswiri wa dziko lonse anadzaupeza mu 2022, ndipo nkhani yake inatha mu 2023 akadali ndi zaka 10 zomwezo. M'nthawi yomweyo ine ndakwatira, ndabereka, ndamera imvi, imvizo zathothoka. Mphwanga amati Ash anachedwa. Ine ndimamuikira kumbuyo, chifukwa nyumba yomwe ndinayamba kumanga kumudzi ikadali pa mawindo, ndipo wina akamati zaka 25 n'zambiri ndimadziwa kuti sanagulepo simenti.

Mwina mukuti izi n'za ku Japan, ife zikutikhudza bwanji? Ine Game Boy sindinaigwirepo chibadwire, koma Pikachu analowa m'nyumba mwanga osagogoda. Anadzera pakaunjika. Ndinapeza juzi yachikasu yolimba bwino, mtengo wake wa munthu wosauka, ili ndi kanyama ka masaya ofiira pamimba. Ndinaganiza kuti ndi kalulu. Loweruka lina ndinaivala popita kumsonkhano wa makolo kusukulu, komwe ndinakonzeka kulankhula mwamphamvu za ndalama ya chitukuko. Ndisanafike n'komwe pageti, ana anali atandizungulira akukuwa kuti, "Pikachu! Pikachu!" Mfundo zanga ndinazinena ndithu, koma palibe anazimva, ndipo mpaka lero aphunzitsi ena akakumana nane amandipatsa moni akuyang'ana pansi kuti asaseke. Ndalama yanga ya juziyo ku Japan sinafike, izo n'zoona, inathera kwa mayi wa kaunjika. Koma ndinawagwirira eni ake ntchito ya chikwangwani choyenda, ulere, dzuwa likuswa mtengo.

Za makhadi ndiye zinanditentha mtima. Mphwanga anandiuza kuti Logan Paul, mnyamata wa ku America wotchuka pa YouTube, anagula khadi imodzi yotchedwa Pikachu Illustrator pa mtengo wa madola 5,275,000 mu 2021. Kapepala kamodzi, koti mphepo ikawomba kapita. Usiku womwewo ndinavundukula chikwama cha mwana wanga wamng'ono, momwe munali mulu wa makhadi omwe ndinamugulira kumsika atalira mpaka kugubuduka. Ndinawayala patebulo, ndinavala magalasi, n'kuyamba kuwerengera malata.

"Amalume, amenewo ndi a feki," anatero mphwanga osawagwira n'komwe.

"Wadziwa bwanji?"

"Pikachu wake ndi wobiriwira."

Amayi a kunyumba anandiuza kuti ndichotse chuma changa patebulo, akufuna kuikapo nsima.

Mu July 2016 kampani ya Niantic inatulutsa Pokémon Go, ndipo tinyama tija tinatuluka m'nyumba n'kukabisala m'misewu, koma toonekera pafoni pokha. M'gemu imeneyi muli mazira omwe amaswa wosewera akayenda wapansi makilomita 2, 5 kapena 10. Mnyamata yemwe ndikamutuma buledi pagolosale amadandaula bondo, ndinamuona akuzungulira dera lonse masana, maso ali pafoni, agalu akumuuwa. Pobwera anali wosangalala kuti dzira laswa. Ndinati libwere tione, mwina tikazinga. Akuti lili m'foni. Bandulo ya intaneti yoswetsera dziralo anagula ndine, pondiuza kuti ndi ya homuweki.

Apa munthu ukanati basi atha, atenga maso, thumba ndi miyendo, chatsala n'chiyani? Mu 2020 a The Pokémon Company anatulutsa Pokémon Smile, yoti mwana azigwira tinyama akamatsuka mano. Mu July 2023 anatulutsa Pokémon Sleep. Imeneyi umaika foni pafupi ndi pilo n'kugona, basi. Foniyo imayeza tulo tako, ndipo ukagona bwino chinyama chonenepa chotchedwa Snorlax, chomwe ntchito yake ndi kudya ndi kugona, chimawonjezera mphamvu n'kukopa tinyama tina. Munthu wamkulu amapeza malikisi onse 100 akagona maola 8 ndi theka.

Nditamva zimenezi ndinadziwa kuti nthawi yanga yakwana. Mpira unandikana, bawo amandidya ngakhale ana, koma tulo ndi luso lomwe ndalisamala kuyambira ubwana popanda wondiyamikira. Mphwanga amagona mochedwa, akuti amawerenga, choncho Snorlax wake anali wofooka. Anabwera mwaulemu womwe sindinauonepo, manja ali kumbuyo.

"Amalume, mungandigonereko?"

Tinagwirizana kuti iye azitsuka mbale za madzulo, ine ndizigona ndi foni yake. Ntchito ndinaigwira ndi mtima wonse. M'mawa mwake malikisi anali 100, mnyamata akuvina pakhonde, ndipo kwa nthawi yoyamba m'banja lino wina ananditchula kuti katswiri.

Chomwe sanandiuze n'chakuti foniyo imajambulanso mawu a munthu akagona. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikukana kwamtuwagalu kuti sindiliza mkonono, kuti mwina ndi jenereta ya aneba. Pa tiyi wa m'mawa mphwanga anatsegula zomwe foni inajambula, ana anagwa pansi ndi phwete, ndipo amayi a kunyumba anapempha kuti abwereze. Kenako anamuuza kuti awatumizire pa WhatsApp, chifukwa ankhoswa akhala akufuna umboni.