Ulemu kwa Gogo Bootstrap 3, Nkhalamba Yokana Manda

Maliro ake analengezedwa mu Julayi 2019. Eni mbumba, amene amasamalira Bootstrap, ananena poyera kuti mtundu wachitatu wafika pamapeto, sadzaukonzanso, ndipo aliyense asamukire kwa wachinayi. Uthengawo unafika paliponse kupatula kwa mwini maliro. Mpaka lero gogoyu ali tsonga m'mawebusaiti osawerengeka a masukulu, mashopu ndi maofesi, akugawa mitundu ya mabatani ngati palibe chinachitika. Nkhalamba yotere njofunika kuiwombera m'manja.

Mtundu wake unabadwira ku Twitter, m'manja mwa Mark Otto ndi Jacob Thornton, ndipo dzina la paubwana linali Twitter Blueprint. Unatulukira kubwalo pa 19 Ogasiti 2011. Gogo wathuyu, wachitatu m'banjamo, anabadwa tsiku lomwelo patapita zaka ziwiri, mu 2013. Ntchito yake inali kuveka tsamba la pa intaneti. Analigawa m'mizere 12 ngati munda woyeza ndi chingwe: wolemba col-md-6 ankapatsidwa theka la munda, wolemba btn btn-primary ankalandira batani labuluu la makona osalala. Munthu wosadziwa ngakhale kusankha taye yogwirizana ndi malaya anasanduka mmisiri tsiku limodzi. Zotsatira zake, mawebusaiti onse anafanana ngati ana a sukulu pa asembule. Ena amatcha chimenechi chilema, koma palibe boma padziko lapansi limene linakwanitsapo kufananitsa anthu ake chonchi.

Kuwolowa manja kwake nakonso n'kosasimbika. Fayilo yake ya CSS, ngakhale itapanikizidwa, imalemera pafupifupi 120 KB, ndipo pambali pake amanyamula tizithunzi ta Glyphicons toposa 250. Tsamba likangofuna batani limodzi, gogo amafika ndi mphasa, mtondo, nkhuku ndi chitseko cha nkhokwe. Chida cha Coverage cha mu Chrome chimaonetsa poyera kuchuluka kwa katundu amene sanakhudzidwe n'komwe, koma mwini foni amakhala atalipira kale zonsezo pa bandulo yake. Sayendanso yekha: mbali yake ya JavaScript sidzuka popanda jQuery, bwenzi lake la ponda apa nane mpondepo, limene John Resig anatulutsa mu 2006.

Koma ukulu wake weniweni umaoneka tsiku limene wina wayesa kumusamutsa.

Kawirikawiri amakhala mnyamata wongolembedwa kumene ntchito, mutu uli wodzaza ndi CSS Grid, imene Chrome, Firefox ndi Safari anailandira mu Malichi 2017. Lachisanu masana amapeza mzere umodzi umene umaitana gogo, n'kuufufuta, n'kutsegulanso tsamba. Zilembo za Helvetica Neue zathawa, m'malo mwake mwalowa Times New Roman ngati kalata ya kukhoti. Timawindo tonse timene tinkabisala kudikira kudinidwa tatulukira nthawi imodzi, ndiye pansi pa tsamba pali mafunso atatu ondondozana ofunsa ngati munthu watsimikizadi kufufuta akaunti yake. Pamwamba paoneka mawu akuti "Toggle navigation", amene anaikidwa kuti aziwerengedwa ndi mapulogalamu othandiza osaona, ndipo kwa zaka zonsezi palibe diso limene linawaonapo. Chilichonse chimene chinalembedwa hidden chili pambalambanda. Apa m'pamene mnyamata amazindikira kuti nkhalambayi inkasunga zinsinsi za banja lonse.

Zimenezo n'zapamwamba chabe. Gogo anachita zinthu ziwiri mwakachetechete zimene nyumba yonse inatsamirapo. Choyamba, anaika muyeso wa zilembo wa tsamba lonse pa ma pixel 10, pamene browser payokha imayambira pa 16. Aliyense wobwera pambuyo ankayeza ndi mkono umenewo: wofuna zilembo za ma pixel 16 ankalemba 1.6rem. Gogo akachoka, 1.6rem yomweyo imafufuma kufika pa 25.6, ndipo mitu ya nkhani imakula ngati zikwangwani za kampeni. Chachiwiri, analamula kuti bokosi lililonse liziwerengera mpanda wake m'kati mwa muyeso wake, lamulo lotchedwa border-box. Lamuloli likachoka, mabokosi awiri amene anakhala moyandikana mwamtendere chiyambire 2014 amayamba kulimbirana malo, limodzi n'kugwera pansi pa linzake.

Lolemba m'mawa mzere uja umakhala utabwezeretsedwa.

Ndiye amayamba njira yaulemu, yofufuza paliponse pamene gogo anasiya dzina. Apa nzeru zake zimagometsa. Maina ambiri amene anasankha ndi mawu wamba achingelezi: row, active, label, close, container. Kuwasaka mu code kuli ngati kuitana "aPhiri" pamsika wa Lizulu, theka la msika limatembenuka. Maina ena salembedwa athunthu: wina mu JavaScript analumikiza "alert-" ndi mawu ochokera kwina, choncho chida ngati PurgeCSS chimaona kuti alert-danger sagwira ntchito n'kumusesa, ndipo cholakwikacho chimadziwika tsiku limene malipiro a kasitomala akanika koma chenjezo lofiira silikuoneka. Enanso ali mu database, m'nkhani zimene mlembi wina anamata zaka khumi zapitazo asanasiye ntchito.

Palinso cholowa cha mikangano. Gogo ankakonda mawu akuti !important, amene mu CSS ndi ofanana ndi kumenya tebulo. Ana nawonso anaphunzira kumenya tebulo pomuyankha. Iye anaika kawindo kake pa z-index ya 1050, nambala yosonyeza chimene chikhale pamwamba pa zinzake, wina wofuna kumuposa analemba 9999, wotsatira anawonjezera 9 wina. Nkhalamba ikatuluka, fayilo yonse ya mayankhowo imatsala ikukalipira mpando wopanda munthu, ndipo palibe wolimba mtima kufufutamo mzere chifukwa sakudziwa kuti mkangano unayambira pati.

Kuthawira kwa adzukulu ake sikupepukitsa katundu. Chimene iye ankachitcha pull-right, Bootstrap 4 wa 2018 anachitcha float-right, ndipo Bootstrap 5 wa 2021 anachitcha float-end. Panel, well ndi thumbnail anazimeza n'kubala card. Polemba CSS, Less anamusiya n'kutenga Sass, Glyphicons anawataya, ndipo wachisanu anathetsa chibwenzi ndi jQuery. Banja losintha maina chotere ngakhale mwini mbumba sangalilondoloze. Gogo yekha ndiye sasintha. Anapangidwa kuti azimvana ndi Internet Explorer 8, ndipo waika m'manda fuko lonselo, poti Microsoft inapumitsa Internet Explorer 11 pa 15 Juni 2022.

Ochenjera amachita monga GitHub inachitira ndi jQuery, imene inalengeza mu 2018 kuti yamaliza kumuchotsa pambuyo pa zaka zomusenda pang'onopang'ono. Amasamutsa tsamba limodzilimodzi, chakale ndi chatsopano zikukhalira limodzi ngati mitala, ndipo pamapeto pake wina amakopera mizere ingapo ya gogo n'kuiika mu fayilo yatsopano, n'kulengeza pamsonkhano kuti Bootstrap wachoka. Osafuna chipwirikiticho ali ndi pothawira: kampani ya HeroDevs imagulitsa chisamaliro cha Bootstrap 3 kwa ofuna kumusunga, kutanthauza kuti womwalirayu ali ndi dokotala wake wolipidwa.

Owerenga amene akukayika atsegule webusaiti yakale iliyonse pa kompyuta, adine Ctrl ndi U, asake "col-md-". Akamupeza, amupatse moni ndi manja awiri, ndipo asamukhudze Lachisanu.