Mutu umodzi ndi denga la pa intaneti

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. N'zoona, koma aliyense amene ananyamulako denga la nkhokwe akudziwa chimene mwambiwu unasiya: pa anthu asanu ndi atatu, olemedwa amakhala atatu. Enawo amangogwira phaso ndi chala chimodzi uku akufuula kuti, "Tiyeni! Kwezani uko!" Thobwa likabwera ndiwo amayamba kutambasula mkono.

Ntchito za m'magulu kusukulu zakhala zikuyenda chonchi kuyambira kale, ndipo alesi ankadya bwino. Mayina onse asanu ankalembedwa pamwamba pa pepala, malikisi n'kugawana mofanana.

Kenako kunabwera wiki. Ili ndi tsamba la pa intaneti limene anthu ambiri amalembapo ndi kukonzerana, aliyense ali kwawo. Yoyamba anaipanga ndi Ward Cunningham mu 1995, ndipo Wikipedia ya 2001 ija ndi mdzukulu wake. Sukulu zitatsekedwa muno m'Malawi pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ana ambiri anadalira wailesi, koma zida zophunzitsira kutali monga Moodle, yomwe ili ndi wiki mkati mwake, zinayamba kutchulidwa ngakhale ndi aphunzitsi amene ankaopa kompyuta.

Tsoka la mlesi ndi lakuti wiki siiwala. Ili ndi tsamba la mbiri losonyeza amene walemba, zimene walemba, tsiku ndi ola lomwe.

Tiyerekeze kuti ophunzira asanu a ku Liwonde apatsidwa ntchito yolemba za Kamuzu Barrage. Mtsikana mmodzi walemba ndime zinayi: kuti inamangidwa mu 1965, kuti imawongolera madzi a mu Shire opita kumakina opangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Wachiwiri walowa, wasintha 1965 kukhala 1956, watuluka. Wachitatu wakopera nkhani ya mvuu za mu Liwonde National Park, poti nazonso zimakhala m'madzi. Wachinayi, bwana wa gulu wodzisankha yekha, walowa 11 koloko usiku woti mawa ntchito iperekedwa, waikapo mpumiro umodzi kuti dzina lake lionekere. Pa WhatsApp ndiye watumiza mauthenga makumi awiri akuti "Anzanga, tilimbikire."

Wachisanu sanaoneke n'komwe. Apa mphunzitsi asafulumire kutenga cholembera chofiira. Mwina ndi mlesi ndithu. Mwinanso ali kumudzi cha ku Ntaja, foni ndi ya amalume, ya mabatani, ndipo kuti itchajidwe aipititse kaye kometera tsitsi. Bandulo ya intaneti ikatha, wiki imangolemba kuti munthuyu kulibe. Silemba chifukwa chake. Nanga magetsi? Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, mdima sunkasankha wakhama kapena waulesi, ngakhale kwa anthu okhala mphepete mwa Shire weniweniyo.

Ine ndikuti wiki ndi yabwino, makamaka chifukwa mtsikana uja tsopano ali ndi mboni. Aphunzitsi, tsegulani tsamba la mbiri musanagawe malikisi. Wa mpumiro mumupatse malikisi a mpumiro. Koma wachisanuyo muyambe mwamufunsa ngati ali ndi foni.