Wapaulendo Akagula Kanema Amagulira Mudzi

Anthu apaulendo ali ndi bodza limodzi limene amadzitonthoza nalo, ndipo ku Kasungu bodzali lazika mizu. Amati ukamachoka pakhomo kwa miyezi kapena zaka, n'kumugulira wotsalayo wailesi ya kanema, ndiye kuti wamusiyira chomusangalatsa payekha, atatseka chitseko, akukukumbukira iwe. Bambo wopita ku Joni amagula. Mayi wopita ku Lilongwe kukathandiza mwana wake amene wachira kumene amanyamuka atalipiriratu dikoda. Ana ogwira ntchito ku Blantyre amasonkherana kuti agogo kumudzi asamasungulumwe. Onsewa amayesa kuti agulira munthu mmodzi, pamene agulira mudzi wonse. Wotsalayo amalandidwa ngakhale kachinthu kamodzi kabwino kamene kukhala wekha kumapereka, komwe ndi mtendere, koma kusungulumwa kwake kumatsala pomwepo.

Nkhaniyi ili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ikukhudza mwana wa boma lomweli. Dr. Hastings Kamuzu Banda anachoka ku Kasungu ali mnyamata, wapansi, kulowera ku Rhodesia mpaka ku South Africa, kenako ku America ndi ku Britain, ndipo anabwerera mu 1958 patatha zaka pafupifupi makumi anayi. Palibe wapaulendo wa m'dera lino amene anamuposa. Koma pa zaka zonse za ulamuliro wake Malawi analibe nyumba youlutsira kanema. Television Malawi inayamba mu 1999, iye atamwalira kale. Akatswiri a ndale ali ndi zifukwa zawo zofotokozera zimenezi. Ine ndimangoona kuti wapaulendo wamkuluyo ankadziwa chinsinsi cha apaulendo onse: ulemu wako umadalira kuti otsala asaone zimene iwe unaona. Choncho amayi a kwa Santhe, Chamama ndi kwa Chulu amene amuna awo anatengedwa ndi Wenela ankadikira ndi kalata yochedwa ndi wailesi ya MBC basi. Ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa makumi asanu ndi awiri ochokera ku migodi, boma linaletsa Wenela kulemba anthu, koma kuyenda sikunathe. Kunangosintha njira. Lero ndi basi yodutsa ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo pamene agogo ankatumiza njinga ndi bulangete, mdzukulu amatumiza bokosi lalikulu lopyapyala lolembedwa kuti lisagwetsedwe.

Amene sapita ku Joni ali ndi ulendo wawo wa fodya. Munthu amavutika kuyambira ku nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka, kuyanika m'zigafa, kusankha, mpaka kudinda mabelo pa jeke, ndipo msika ukatsegulidwa ku Chinkhoma cha mu Epulo amanena kuti akutsatira mabelo. Kutsatira mabelo ndi ntchito yodabwitsa, chifukwa mabelo amagulitsidwa m'mphindi zochepa koma mwini wake amatha milungu itatu akuwatsatirabe pa tauni. Pobwerera manyazi amamugwira, ndipo manyaziwo amagula sola, batire, kanema ndi dishi. Taonani dongosolo la kagulidweko. Malata amadikira chaka china, feteleza wa chimanga amadikira ngongole, koma dishi imakwera lero lomwe, ngakhale pa mtengo wozika pambali pa nyumba yofolera ndi udzu. Chifukwa chake n'chosabisika: kanema amakhala m'nyumba, pamene dishi imaonekera kumsewu. Kwa mayi amene mwamuna wake ali kunja, dishi ndi umboni wosatsutsika kwa apongozi, kwa aneba ndi kwa amayi a kumjigo kuti bamboyo sanatchone. Dikoda ikhoza kukhala kuti inadulidwa mu Juni, koma dishi imapitirizabe kupereka umboni wake mpaka Disembala.

Tsono dishi ikakwera pamayamba mwambo umene sunalembedwe paliponse koma aliyense amaudziwa. Oyamba ndi ana. Iwowa sagogoda, amaima pawindo, kenako pakhomo, kenako mumawapeza atakhala kale pansi m'mizere, nsapato atazisiya panja mwaulemu wochititsa kuti kuwathamangitsa kuoneke nkhanza. Akuluakulu sangachite zachibwana zotere, amabwera ndi chifukwa. "Odi kuno! Mayi, ndimangodutsa, ndati ndimve za bambo ngati aimba." Kudutsako kumachitika tsiku lililonse pa ola limene sewero limayamba, ndipo wodutsayo amakana mpando kawiri asanakhale pa wabwino kwambiri. Wina amabwera kudzapempha mchere n'kukhala nawo m'manja mpaka filimu ya ku Nigeria itatha, ndiwo zake zikupserera kwawo. Akale anati mlendo ndi mame, koma mame a kanema sakamuka ngakhale dzuwa lifike paliwombo. Nthawi ya nsima ikakwana, mwini nyumba sangadye anthu akumuyang'ana, ndiye ufa umene unawerengedwera munthu mmodzi ndi ana awiri umadyetsa anthu khumi. Pamwamba pa onse pali alamu, mng'ono wake wa wapaulendoyo, amene anauzidwa pa depoti kuti aziyang'anira pakhomo. Iwo anamva kuti aziyang'anira rimoti. Loweruka masana, Arsenal kapena Manchester United ikamasewera, alamu amabwera ndi anzawo anayi, ndipo mayi amene anagulidwira kanemayo amakapezeka kukhitchini akumvera zigoli kudzera m'mfuwu.

Wina anganene kuti ndikunyoza chinthu chabwino. Kodi umenewu si umunthu wathu? Kodi sitinati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu? Munthu amene akanagona ndi maganizo tsopano nyumba yake yadzaza kuseka, ndiye cholakwika n'chiyani? Funsoli ndi lomveka, koma tiyang'ane kumene mipando yaloza. Pa maliro, pa chinkhoswe, ngakhale pa mowa, anthu amakhala moyang'anana. Pa kanema onse amaloza kukhoma, ndipo mwini nyumba amaona mitu yokhayokha chakumbuyo. Akayerekeza kunena kuti mwana sanagone bwino usiku kapena kuti ndalama ya mwezi uno yachedwa, amayankhidwa ndi dzanja lomuuza kuti adikire kaye, mfiti ya mufilimu ili pafupi kugwidwa. Umboni wosavuta ndi wa magetsi. A ESCOM akangozimitsa, nyumba imene inali ndi abwenzi makumi awiri imatsala ndi mwini wake yekha asanapeze n'komwe machesi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kunapitirira chaka. Nthawi imeneyo ubwenzi wambiri wa m'tauni ya Kasungu unasamukira ku nyumba za sola, ndipo unabwerera magetsi atabwerera, wopanda manyazi, ndi mawu omwe aja akuti ndimangodutsa.

Ndivomere chinthu chimodzi. Mu 2008 ndi mu 2015, pamene nzika zina za ku South Africa zinaukira anthu obwera, kanema yemweyo anaonetsa moto ndi anthu othawa atanyamula katundu pamutu, ndipo mabanja amene anali ndi wawo ku Johannesburg kapena ku Durban sakanatha kuonera zimenezo okha. Masiku amenewo aneba anatembenuzadi mipando, ena anapemphera, ena anabwereketsa mayunitsi. Koma zindikirani kuti panafunika tsoka la dziko lina kuti mwini nyumba aonekere m'nyumba yake yomwe.

Ena amati nkhaniyi ndi yakale, pakuti masiku ano pali foni ndi WhatsApp, ndipo okondana amaonana nkhope usiku uliwonse. Amene amanena zimenezi sanaonepo kuimbirana kumeneku. Wa ku Joni amaweruka madzulo, nthawi yomwe nyumba yadzaza. Foni ikangolira, kanema amachepetsedwa mawu, osati mwaulemu ayi, koma kuti onse amve bwino. Foniyo imayenda dzanja ndi dzanja: "Achimwene, mwatiiwalatu," "Alamu, kajuzi kaja musaiwale," "Amalume, ine nsapato ndimavala sikisi." Ikamafika kwa mkazi wake, bandulo yatsala pang'ono kutha, ndipo funso limene bambo amafulumira kufunsa ndi lakuti dikoda ikugwira bwino kapena ayi. Ndalama imene yatumizidwa pa Mukuru imadziwika ndi mzere wonse wa nyumba mwini wake asanakaitape, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, panali aneba odandaula za mtengo wa dikoda kuposa amene amalipira. Apa m'pamene ndimakayikira ngati wapaulendoyo amadzinamizadi. Mwina amadziwa bwino zimene akuchita. Mlonda amafuna malipiro mwezi ndi mwezi ndipo amagona pantchito, koma nyumba yokhala ndi ana khumi ndi awiri, alamu ndi mayi wa mchere uja kuyambira masana mpaka usiku silowamo mlendo wosadziwika popanda Joni kumva tsiku lomwelo. Nsanje sinapezepo njira yotsika mtengo kuposa imeneyi. Ndipo lamuloli silisankha: bambo wotsala yekha mkazi ali ku Lilongwe amayang'aniridwa chimodzimodzi, kungoti iye amadyeredwanso ndiwo zimene anamusiyira.

Chilango cha wapaulendoyo chimamudikira pobwera. Wobwera ku Wenela ankakhala pansi pa mtengo sabata yathunthu akusimba za nyumba zofika kumitambo ndi sitima zoyenda pansi pa nthaka, ndipo panalibe womutsutsa. Bodza lililonse linkalandiridwa ndi kuwomba m'manja. Wa lero amatsika basi mu Disembala atavala jekete lachikopa kunja kukutentha, n'kupeza kuti mudzi wonse wayenda kumuposa osachoka pamphasa. Aona Dubai, aona Lagos, aona chipale cha ku London, ndipo Joni amamudziwa kudzera m'masewero a ku South Africa, Joni wa maofesi ndi magalimoto onyezimira amene iye, wokhala m'kachipinda ka anthu asanu ndi wogwira ntchito ya m'dimba la mzungu, sanalowemo. Akayamba kusimba za Table Mountain, kamwana ka aneba kamamukonza kuti phirilo lili ku Cape Town, osati ku Johannesburg. Akafuna kukhala, mpando wake uli ndi mwini watsopano amene amamulandira ndi manja awiri koma osadzuka. Akatambasula dzanja kuti atenge rimoti, mng'ono wake amaikankhira kuseri kwa ntchafu n'kunena kuti, "Achimwene, mwafika bwino, koma nkhani za ulendo mutiuze pa hafu taimu."