Ndani Andipezere Nthuli Yanga?

Abale anga, nyama yakwera mtengo kuno ku Glasgow moti mayi a kunyumba akandiikira chakudya ndimayamba ndavala magalasi. Msuzi ndimauona, anyezi ndimamuona, koma nyama ndimangoimva mbiri. Iwo amalumbira kuti ilimo. Ine ndikufuna umboni.

Ndiye ndamva kuti pa yunivesite ya Strathclyde, yomwe inachokera ku koleji ya Anderson komwe David Livingstone anayambira maphunziro a udokotala mu 1836, pali akatswiri monga Dr Rebecca Beveridge amene amafufuza mapuloteni ndi makina a ion mobility mass spectrometry. Ukamamaliza kutchula dzinalo, nsima yazizira.

Makinawo amapopera puloteni ndi mphamvu ya magetsi n'kuikankhira m'kapaipi kodzaza mpweya wa nitrogen kapena helium. Yodzipinda bwino imadutsa msanga. Yotambalala imagundana ndi mpweyawo n'kuchedwa, ngati munthu wosenza matilesi mumsika wa Limbe. Mpikisano wonsewu umatha diso lisanaphethire. Kenako amaiyeza kulemera, apo ndiye adziwa kukula ndi kapindidwe kake. Akatswiriwa amakonda kwambiri mapuloteni osakhazikika, osinthasintha maonekedwe, omwe ena mwa iwo amakhudzidwa pa matenda a Parkinson's.

Osakhazikika? Imeneyo ndiye ya kunyumba kwanga. Lolemba ndi ng'ombe, Lachitatu yasanduka soya, pofika Lachisanu ndi kabichi weniweni.

Choncho ndikuganiza zonyamula mbale n'kukagogoda: "Odi adokotala, tandiunikireni mumsuzimu." John Fenn analandira nawo mphoto ya Nobel mu 2002 chifukwa cha njira yopopera imeneyi. Amene apeze nthuli yanga apatsidwe ziwiri, ina ya kulimba mtima. Mayi a kunyumba akuti ndikangotuluka ndi mbale yawo, ndikagone konko.

Komatu ine ndikudandaula nditakhuta. Kwathu ku Malawi, kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Kumeneko sikufunika makina odula. Sikelo yopachika mumtengo ndi thabwa loyezera msinkhu zimanena zoona mwezi ndi mwezi, wosowa ndi wakumva. Inu akuluakulu amene mumatafuna nkhuku m'mahotela pokambirana za kunyentchera kwa ana, tasiyaniko ngakhale dzira limodzi lokha likafike m'mbale ya mwana kumudzi.