Kusinza, mfumu yosalandira chiphuphu

Ku Domasi anthu amatamanda zambiri: mpunga wa kusikimu, aphunzitsi otuluka ku Domasi College of Education, mabuku okonzedwa ku Malawi Institute of Education. Koma palibe amene anaimirirapo pamsonkhano kuthokoza kusinza, chonsecho ndiko kumagwira ntchito mwachilungamo kuposa tonsefe. Ikamakwana 2 koloko masana mu Okutobala, malata akuthetheka ndi dzuwa, nsima ili m'mimba, kusinza kumalowa m'kalasi osaodira. Zikope zimalemera, cholembera chimatsetsereka n'kusiya mzere wokhota pakope, mutu gwa! Mwiniwake amadzidzimuka n'kuyamba kugwedeza mutu ngati wagwirizana ndi mfundo. Kusinza sikufunsa udindo. Kumagwira wophunzira, kumagwiranso bwana wa tayi amene wabwera kudzatsegulira maphunzirowo.

Ulamuliro umenewu uli ndi maziko. Munthu akakhala maso, makemikolo monga acetylcholine, noradrenaline, histamine ndi orexin amatakasa maselo a pamwamba pa ubongo, ndipo magetsi a m'menemo amayenda m'timafunde tating'ono tothamanga. Mafunde a ubongowa anayamba kuwajambula pa munthu ndi Hans Berger wa ku Germany, yemwe analengeza zimene anapeza mu 1929. Koma ubongo ukamagwira ntchito umaunjikanso adenosine, ndipo imachulukirachulukira malinga munthu akadali maso. Ikakwana, imafooketsa maselo otulutsa makemikolo otidzutsa aja, mafunde amakula n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono, mpaka m'tulo tofa nato sagunda kopitirira kanayi pasekondi. Amene anamwapo Piriton akudziwa mbali ya nkhaniyi, chifukwa mankhwalawa amatsekereza histamine, n'chifukwa chake amagonetsa.

Ena amati kusinza ndi ulesi. Ayi ndithu. Mu 2011 akatswiri a ku Wisconsin anaonetsa kuti makoswe akamanidwa tulo, timagulu tina ta maselo a ubongo timazima kwakanthawi, khosweyo ali chiyendere, maso ali gwa. Ndiye kuti ngakhale uja amadzitama kuti sasinza, ubongo wake umasinza mobisa, chigawo ndi chigawo. Wosinza poyera wangoposa anzake kuona mtima.

Ena amati mfumuyi imagulika ndi tiyi wa ku Thyolo. Amadzinamiza. Caffeine sachotsa adenosine, amangokhala pamalo pamene iyo imayenera kugwira. Adenosine imadikira, ikuchulukabe, ndipo tiyi akatha mphamvu imadzatenga zake zonse nthawi imodzi. Ndi ofesi iti m'dziko muno imene mungaipatse ya fanta, iyo n'kukuzengani mlandu womwewo madzulo ake?

Dandaulo lolemera ndi la pamsewu: dalaivala wa minibasi akasinza pakati pa Songani ndi Malosa, anthu amafa. Izi n'zoona, ndipo si zoseketsa. Koma tifunse amene walakwa. Kusinza kunachenjeza kale ndi kuyasamula, kunachenjezanso ndi maso olemera. Amene anakana kumva ndi dalaivala amene wadzuka usiku kuthamangitsa ndalama ya tsikulo, ndi mwini galimoto amene amaifuna yokwana zivute zitani.

Choncho Lamulungu likubwerali, mukaona mkulu wa mpingo akuodzera pabenchi ku Domasi Mission ulaliki uli mkati, musamugunde ndi chigongono. Koma dalaivala yekha mugwedezeni, aime pambali agone.